MBIRI YA THUMBA LATHU LA NGONGOLE, NDI ZA IWO AMENE ANAGWIRA BUKU

Pamene akulu a Mpingo anatisankha kuti tilembe nawo m'kabuku aka ka Jubili, anatigawira nkhani imene anzathu onse anaikana. Ena analandira mbiri ya tchalitchi choyamba cha udzu, ena ya sukulu, ena ya chipatala cha Amayi Asisitere. Ife tinatsala ndi mbiri ya thumba limene Akhristu a pano anayamba kuti azisungamo ndalama ndi kukongozana. Sitidandaula ayi. M'chilamulo cha Mose chaka cha Jubili chinali chaka cha kubweza: munda wogulitsidwa chifukwa cha umphawi unkabwerera kwa mwini wake, ndi kapolo ankamasuka kunka kwa abale ake. Tsono nkoyenera kuti m'chaka chotere tikambe za ngongole, ndi kukamba zoona. Pakuti thumba lathulo linagwa kamodzi, ndipo alipo pakati pathu, okhala pa mabenchi a kutsogolo, amene ndalama zawo zinapita nalo.

Anthu akamva kuti thumba lagwa, afulumira kufunsa kuti wakuba ndani. Ife tafunsa okalamba, tawerenga makalata otsala m'kabati ya ku ofesi, ndipo wakuba sitinampeze. Chimene tinapeza ndi ichi, chakuti nzeru yonse ya thumbalo inakhala m'mutu mwa munthu mmodzi, ndipo pamene munthuyo anaikidwa m'manda, nzeruyo inaikidwa naye. Koma tisanafotokoze zathuzo, tiyambe tayenda kutali kumene mwambo uwu unachokera. Chifukwa iwo amene anauyamba anakomana nalo vuto lomweli ife tisanabadwe, ndipo ena analigonjetsa, ena linawagonjetsa.

Makolo athu anadziwa kuthandizana kalekale Azungu asanafike. Analima dima, anabwerekana mbewu ndi makasu, ndipo mwini mbuzi zambiri ankapereka yaikazi kwa mnansi wake kuti aiwete, nagawana ana. Koma zonsezi zinali zooneka ndi maso, ndipo mudzi wonse unali mboni. Ndalama ili ndi khalidwe lina. Ilowa m'malaya osamveka, nituluka osaoneka, ndipo ikakhala ya anthu ambiri, palibe mutu ungathe kuisunga popanda cholembera.

Munthu amene anayamba kulimbana ndi chinthu ichi pakati pa alimi ndiye Friedrich Wilhelm Raiffeisen, wobadwa m'chaka cha 1818, Mkhristu wopemphera wa Chiprotestanti, amene Boma linamuika woyang'anira midzi ya ku mapiri a Westerwald m'dziko la Germany. M'nyengo yozizira ya 1846 kulowa 1847 zokolola zinakanika, mbatata ya kachewere inaola m'minda, ndipo ku Weyerbusch, kumene iye anali, kunagwa njala. Anasonkhanitsa anthu opeza bwino, namanga ng'anjo ya buledi, napatsa osauka chakudya pa ngongole. Njala itapita anaona kuti pali njala ina yosatha, ndiyo katapira: mlimi ankatenga ng'ombe pa ngongole kwa wamalonda, nalephera kubweza tsiku lake, nalandidwa ng'ombeyo pamodzi ndi munda. Chotero m'chaka cha 1849 ku Flammersfeld, ndi m'chaka cha 1854 ku Heddesdorf, anayambitsa mabungwe a anthu olemera oti azikongoza osauka mwachifundo. Koma chifundo cha olemera chinatopa, monga chitopa paliponse. Pamenepo, m'chaka cha 1864, anakonzanso bungwe la ku Heddesdorf kuti okongola omwewo akhale eni ake, ndipo m'chaka cha 1866 analemba buku lolongosola njira yakeyo. Maso ake anali kuzima kale. Mwana wake wamkazi Amalie ndiye amene ankamlembera makalata kufikira imfa yake m'chaka cha 1888.

Malamulo a Raiffeisen tiwayang'anitse, pakuti muli nzeru. Analamula kuti thumba lililonse likhale laling'ono, losapitirira malire a parishi imodzi kapena midzi yoyandikana. Chifukwa chake nchiyani? Banki ya m'tauni siidziwa mlimi. Siidziwa kuti uyu alawirira kumunda ndipo uyo alawirira kumowa, kuti ng'ombe ya uje ikudwala, kuti mnyamata wakuti akongola m'dzina la amayi ake. Anansi adziwa zonsezi popanda kulipira kazitape. Chuma choyamba cha thumbalo chinali chidziwitso chimenechi, ndalama inali yachiwiri. Ndipo kuti anansiwo asatseke maso, analamulanso kuti thumba likagwa, aliyense wa m'bungwemo alipe ndi katundu wake yense. Lamulo loopsa ndithu, ndipo masiku ano mathumba ambiri analisiya. Koma linachititsa mlimi aliyense kufunsa kawiri asanavomere kuti mnzake akongole. A komiti sankalandira malipiro. Wolandira kanthu anali wogwira buku yekha, amene kawirikawiri anali mphunzitsi wa sukulu ya pamudzipo.

Apa ndi pamene panali pofooka. Alimi anadziwa mitima ya anansi awo, koma ambiri sanadziwe kuwonkhetsa mizere ya m'buku, ndipo wogwira buku akalakwa, kapena akayesedwa ndi Satana, panalibe wozindikira. Tsono mathumbawo anagwirizana, nakhazikitsa mabungwe aakulu otumiza anthu oyendera mabuku. Ndipo m'chaka cha 1889 lamulo la dzikolo linakakamiza bungwe lililonse kuti mabuku ake aziwerengedwa ndi munthu wakunja kamodzi pa zaka ziwiri zilizonse. Oyenderawo sanadze monga apolisi okha. Ankakhala pansi ndi wogwira buku, namuonetsa polakwa, naphunzitsa a komiti kafunsidwe. Ndipo chimene anaona chikuyenda bwino m'mudzi uwu ankachinyamula kunka nacho m'mudzi winawo. Akulu athu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo Ajeremani analipira mlendoyo kuti azibwera.

Kuti tione kuti malamulo olembedwa paokha sakwanira, tiyang'ane ku Ireland. Kuyambira m'chaka cha 1894 bungwe la Horace Plunkett linabzala mathumba a mtundu womwewu m'midzi ya dzikolo, pakati pa Akatolika osauka, ndipo anachuluka msanga. Koma ndalama zambiri zokongozazo zinachokera ku Boma ndi ku mabanki, pamene eni mudzi ankasunga zawo ku positi ofesi. Mnansi anachita manyazi kulonjerera mnansi mnzake ngongole ya ndalama zosakhala zake. Ndi kuyendera mabuku kunali kofooka. M'zaka zowerengeka ambiri anafota. Mbewu inali yomweyo, koma wopalira panalibe.

Tioloke nyanja tsopano, tinke ku Canada, kumene nkhaniyi iyamba kuyandikira kwathu. Kunali munthu dzina lake Alphonse Desjardins, wa ku Lévis m'chigawo cha Québec, amene ntchito yake inali kulemba zonenedwa m'Nyumba ya Malamulo ku Ottawa. M'chaka cha 1897, ali pa ntchito yakeyo, anamva phungu wina akusimba za munthu wa ku Montréal amene anakongola madola 150, ndipo bwalo linamlamula kulipa chiongoladzanja cha madola 5,000. Mawuwo anamlasa mtima. Sanathamangire kutsegula thumba ayi; anatha zaka zitatu akuwerenga ndi kulemberana makalata ndi akatswiri a ku Ulaya, makamaka Henry Wolff wa ku England, kufikira anamvetsa. Pa 6 December 1900 thumba la ku Lévis linakhazikitsidwa, ndipo pa 23 January 1901 linatsegulidwa m'nyumba mwake momwe. Woyamba kusunga anaponya masenti 10, ndipo pofika madzulo zonse pamodzi zinali madola 26 ndi masenti 40. Amene aseka kuchepa kwa zopereka za m'mphakati mwawo akumbukire chiwerengero chimenechi.

Popeza Desjardins ankakhala ku Ottawa miyezi yambiri pa chaka, buku linatsala m'manja mwa mkazi wake Dorimène, mayi wa ana ambiri, amene analandira ndalama ndi kulemba ngongole mosamala, ali ndi mantha aakulu kuti chuma cha osauka chingatayikire m'nyumba mwake. Ansembe a m'maparishi anaugwira mwambowu ndi manja awiri, ndipo mathumba ambiri anayambira m'zipinda za pansi pa tchalitchi kapena m'nyumba ya wansembe. Inu aphunzitsi a katekisimu, imvani ichi, chifukwa chikhudza ntchito yanu: m'chaka cha 1910 wansembe wina, Philibert Grondin, analemba kabuku kotchedwa Catéchisme des caisses populaires, ndiko kunena katekisimu wa mathumba a anthu, ka mafunso ndi mayankho monga katekisimu amene muphunzitsa nako ana. Anazindikira kuti njira imene ilowetsa Malamulo Khumi m'mutu mwa mlimi wosaphunzira ingathenso kulowetsamo tanthauzo la sheya, la chiongoladzanja, ndi la nkhokwe yosagawidwa. Kabukuko kanasindikizidwa kambirimbiri.

Komabe ngakhale kumeneko nzeru inatsala pang'ono kuunjikana pa munthu mmodzi. Mathumba oposa 100 ankalembera Desjardins yemweyo pa vuto lililonse, ndipo iye ankayankha ndi dzanja lake usiku. Pamene anamwalira m'chaka cha 1920, ogwira mabuku ambiri anasowa kofunsa. Chinawapulumutsa ndi chakuti Dorimène anasunga makalata onse a mwamuna wake, nalola atsogoleri kuwawerenga, ndiponso chakuti m'chaka chomwecho mathumba a ku Trois-Rivières anagwirizana kukhala ndi likulu limodzi, ena natsatira, kufikira m'chaka cha 1932 anamanga chigwirizano cha chigawo chonse chokhala ndi oyendera mabuku ake.

Koma amene anaika maphunziro patsogolo penipeni ndiwo ansembe awiri apachibale a ku Nova Scotia, Bambo Jimmy Tompkins ndi Bambo Moses Coady, a pa sukulu ya ukachenjede ya St. Francis Xavier ku Antigonish. Bambo Tompkins analemba kabuku m'chaka cha 1921 kodandaula kuti nzeru yatsekeredwa m'sukulu zazikulu pamene anthu wamba akufa nayo ludzu. Posachedwa anachotsedwa pa sukulupo, natumizidwa ku Canso, parishi ya asodzi osauka pa gombe la miyala. Kumeneko sanakhale chete. Ankayenda ndi timapepala m'matumba a mkanjo wake, naimitsa asodzi panjira, nawafunsa chifukwa chake nsomba agulitsa motchipa ndipo ukonde agula modula, osawasiya kufikira atawerenga. M'chaka cha 1928 sukuluyo inatsegula nthambi yophunzitsa anthu m'midzi, ndipo Bambo Coady anaitsogolera.

Njira yawo inali yotere. Bambo Coady ankafika m'mudzi, nasonkhanitsa onse, nawalankhula ndi mawu amphamvu kufikira manyazi ndi mkwiyo ziwagwire. Akachoka, anthuwo ankagawikana timagulu ta anthu ngati khumi, tosonkhana m'nyumba ya mmodzi wa iwo mlungu ndi mlungu, tikuwerenga timabuku ndi kukambirana. Asisitere a chipani cha Marita Woyera ankalongedza mabuku m'mabokosi ndi kuwatumiza m'midzi. Gulu silinaloledwe kutsegula thumba lisanaphunzire miyezi yambiri. Ndipo pophunzirapo ankasonkha timakobiri, kuti dzanja lizolowere kulemba ndalama zikali zochepa. Lamulo lololeza mathumba otere m'chigawocho linadza m'chaka cha 1932, ndipo zaka za m'ma 1930 zisanathe timagulu tophunzirato tinapitirira 1,000. Atsogoleri osankhidwa m'midzi ankaitanidwa ku sukulu kwa masabata owerengeka kukaphunzira kusunga mabuku ndi kuyendetsa msonkhano. Ife tikaona miphakati yathu, imene inayamba kuno m'zaka za m'ma 1970, tiyesa kuti Bambo Coady akadaizindikira msanga, ngakhale akadatifunsa chifukwa chake tikambamo za maliro ndi zopereka zokha.

Bambo Coady anamwalira m'chaka cha 1959, ndipo chaka chomwecho sukuluyo inatsegula nyumba ya maphunziro yotchedwa dzina lake, yolandira ophunzira a ku Africa, Asia ndi maiko ena. Koma mbewu inali itafika kale ku Africa. Ku Jirapa, kumpoto kwa dziko limene tsopano litchedwa Ghana, kunali Bambo John McNulty wa chipani cha White Fathers, chomwe chija chinamanga Mua m'chaka cha 1902 ndi Kachebere m'chaka cha 1903. Poyendera midzi anaonetsedwa ndalama za mapepala zimene mwini wake anazikwirira m'chitini, chiswe nichizidya. Anayesetsa kuti banki izisinthe, koma anadziwa kuti zitini zotere zili m'nyumba zambiri. Anayamba kuphunzitsa, ndipo m'mwezi wa September 1955 thumba la ku Jirapa linakhazikitsidwa, limene liwerengedwa loyamba la mtundu uwu mu Africa. Wansembe wa komweko, Peter Dery, anakaphunzira ku Antigonish, nakhala Episkopi wa ku Wa m'chaka cha 1960, nalimbikitsa mathumbawo m'maparishi ake. M'chaka cha 1968 nthumwi za maiko a mu Africa zinakomana ku Nairobi, nizimanga bungwe la ACOSCA.

Za dziko lathu tinena mwachidule, popeza ambiri mwa inu munaziona ndi maso. Boma la atsamunda linaika lamulo la makoparetivu m'chaka cha 1946, ndipo anayamba a khofi, a mpunga ndi a mafuta a mkaka; koma ambiri anali a Boma koposa a anthu, nzeru yake inakhala ndi akalaliki a Boma, ndipo ufulu utabwera anazimirira, malonda a mbewu nagwera m'manja mwa bungwe limene m'chaka cha 1971 linatchedwa ADMARC. Mathumba osunga ndi kukongoza anadza ndi njira ya Mpingo, makamaka m'zaka za m'ma 1970, ndipo m'chaka cha 1980 anagwirizana kukhala MUSCCO, mothandizidwa ndi bungwe la mathumba a dziko lonse lapansi ndi Boma la America. M'chaka cha 2011 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo loika ma SACCO pansi pa diso la Reserve Bank. Chimene Ajeremani anachiona chofunika m'chaka cha 1889, ife tinachilimbitsa patapita zaka 122.

Tsopano tibwere pakhomo pathu, ndipo tipempha kuti mutiwerenge ndi mtima wofatsa.

Thumba la pa Mishoni pano linayamba m'zaka zomwe zija mathumba otere anali kufalikira m'maparishi. Bambo Mfumu a nthawi imeneyo analongosola za ilo Misa itatha kwa masabata angapo, ndipo amene analipo akumbukira kuti poyamba tinaphunziradi. Tinkakhala pansi pa mtengo wa kuseri kwa tchalitchi, aliyense ndi kabuku kake, Bambo akulemba pa bolodi la sukulu. Buku lalikulu linaperekedwa kwa Aphunzitsi athu a katekisimu, munthu wa dzanja lokongola ndi mtima woongoka, amene dzina lake sitilemba pano chifukwa ana awo anamva kale zokwanira. Zaka zoyambazo zinali zokoma. Amayi anagula makina osokera, abambo anagula feteleza nthawi yake, ana anapita ku sekondale, ndipo akatapira a pa msika anayamba kutiyang'ana ndi diso loipa.

Kukoma komweko ndiko kunatigoneka. Poona kuti Aphunzitsi salakwa, tinaleka kuwonkhetsa. Maphunziro a pansi pa mtengo anatha Bambo aja atasamutsidwa, ndipo olowa m'thumba pambuyo pake sanaphunzitsidwe kanthu koma kumene apereke ndalama. Ku msonkhano wa pachaka tinkafika ochepa. Chisankho chikafika tinkaimba m'manja ndi kunena kuti apitirize omwewo. A komiti yoyang'anira, ndipo ena mwa ife olemba nkhaniyi tinali momwemo, ankasaina pansi pa tsamba popanda kuliwerenga, poyesa kuti kufunsa munthu wa Mulungu za masamu ake ndi chipongwe. Iwo eni anatipempha kawiri katatu kuti tiwapatse wachinyamata womphunzitsa. Tinayankha kuti tiona, ndipo sitinaone.

Ntchito itawachulukira, Aphunzitsi anayamba njira zawozawo. Munthu akawapeza pa khomo la tchalitchi ndi vuto la matenda, ankampatsa ndalama pomwepo, nalemba pa kapepala kuti akalowetse m'buku madzulo. Mayina ena ankalemba ndi zilembo ziwiri zokha, ena ndi dzina la mudzi, ena ndi dzina lachibwana limene analidziwa iwo okha. Anadziwa pamtima amene adzabweza atagulitsa fodya ndi amene adzabweza mwana wake akatumiza kuchokera ku Joni, ndipo zimenezi sanazilembe konse, pakuti kwa iwo zinali zodziwikiratu. Masiku onse amene anali ndi moyo, palibe tambala inasowa.

Anadwala m'nyengo ya dzinja, namwalira mlungu usanathe. Titatsegula kabati tinapeza buku lotsalira miyezi ingapo, ndi timapepala todzaza chitini cha tiyi. Timabuku ta anthu tinkanena zina, buku lalikulu linkanena zina. Pamenepo mitima ya anthu inaonekera. Ena anabwera okha, nanena ngongole zawo zimene panalibe wina wozidziwa, ndipo Mulungu awakumbukire. Ena anakhala duu, nayimba nafe m'kwaya Lamulungu lililonse. Mphekesera itamveka kuti ndalama zasowa, onse anathamangira kudzatenga zawo tsiku limodzi, osadziwa kuti ndalama za thumba sizigona m'kabati koma zili m'minda ndi m'misika mwa okongola. Ichi ndi chinthu choyamba chimene akadaphunzira pansi pa mtengo paja. Woyendera mabuku anabwera kuchokera ku likulu, nakhala nafe masiku ambiri, nalumikiza zimene anatha kulumikiza. Amphamvu ndi odziwa kulankhula analandira zawo. Amasiye ndi okalamba a ku nthambi zakutali, amene anamva mochedwa, anapeza m'kabati mulibe kanthu. Ndipo choipa choposa zonse, chimene tichilemba ndi manyazi, nchakuti anthu ena analoza chala amayi a kunyumba kwa Aphunzitsi, nati malata a pa nyumba yawo anagulidwa ndi ndalama za thumba. Pamene ife tidziwa bwino kuti malatawo anagula ndi mwana wawo wa ku tauni. Mayiwo anasamuka, nakafera kwawo.

Zaka zambiri mawu akuti thumba sanatchulidwe pa Mishoni pano. Amene anatidzutsa ndi amayi, ndi banki m'khonde yawo. Mwambo umenewo unayamba ku Niger m'chaka cha 1991 ndi bungwe la CARE, ndipo amene anaukonza anadziwa bwino nthenda imene inatipha ife. Bokosi lili ndi maloko atatu, makiyi ali ndi amayi atatu, bokosilo lisungidwa ndi wachinayi, ndipo silitsegulidwa koma pamaso pa onse. Ndalama ziwerengedwa mokweza, ndipo pa msonkhano wotsatira afunsa gulu lonse kuti munatsala zingati. Mayi wosadziwa kulemba dzina lake ayankha osaphonya. Abambo tinaseka poyamba. Pambuyo pake tinayamba kutuma akazi athu kuti akatikongolere.

Koma bokosi ligawidwa chaka chikatha, ndipo silingathe kukongoza munthu ndalama ya ngolo kapena ya chigayo. Chifukwa chake thumba linayambikanso, ndipo malamulo ake atsopano analembedwa ndi anthu amene anapsa kale. Wolowa aphunzira asanalandire kabuku. Wogwira buku ali ndi wachiwiri wake, ndipo asinthana mwezi ndi mwezi, kuti aliyense athe kuwerenga dzanja la mnzake. Ngongole siiperekedwa pa khomo la tchalitchi, ngakhale wopemphayo alire. Pa zangozi pali kathumba kena, ndi anthu awiri osaina. Wa komiti akatha nyengo zake ziwiri atsika, angakhale ali wabwino chotani, ndipo asanatsike akhala miyezi itatu ndi womlowa m'malo. Zogwirizana za msonkhano zilembedwa pamodzi ndi zifukwa zake, pakuti tinaona kuti lamulo losadziwika chifukwa chake, ana alichotsa. Ndipo kanayi pa chaka chiwerengero cha thumba chitumizidwa ku miphakati yonse, kuti aphunzitsi a ku nthambi achiwerenge mokweza m'Chichewa ndi kulandira mafunso.

Sitinena kuti zonse zili bwino. Pamene ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 m'mwezi wa November 2023, ambiri anadza ndi mkwiyo kudzafunsa chifukwa chake ndalama zawo, zosasowa ngakhale tambala, zigula matumba ochepa a feteleza. Ndipo a komiti ena sanathe kuyankha, chifukwa iwonso sanamvetse. Pamenepo tinaona kuti maphunziro athu akali osaya. Palinso chinthu china chimene chitidetsa nkhawa ife okalamba. Mabuku tsopano alowa m'kompyuta, ndalama ziyenda pa foni, ndipo achinyamata atiuza kuti chiswe sichidya zimenezo. Nzoona. Koma tinafunsa tsiku lina kuti ndani adziwa mawu achinsinsi otsegulira makinawo, ndipo anatiloza mnyamata mmodzi, wokhulupirika, wa dzanja lofulumira, wokondedwa ndi onse. Tinayang'anana osanena kanthu. Komiti yalamula tsopano kuti mawuwo adziwike kwa atatu, ndi kuti mwezi uliwonse zonse zisindikizidwe pa mapepala ndi kusungidwa m'nyumba ya Abambo. Ngati lamulolo likutsatidwa, inu eni thumba mufunse pa msonkhano ukudzawu.

Buku lakale la Aphunzitsi likalipo. Pa tsiku la Jubili lidzaikidwa pa tebulo m'holo ya parishi, pamodzi ndi chitini chija cha timapepala, pafupi ndi kaundula woyamba wa ubatizo. Muli masamba amene mpaka lero sanatsekedwe. Komiti ya tsopano, ndi chilolezo cha msonkhano waukulu, yapatula gawo la phindu la chaka chino kuti ibweze kwa iwo amene anataya zawo, kapena kwa ana awo, monga momwe gawolo lingafikire. Tsono amene muli ndi timabuku takale ta makolo anu, ngakhale tong'ambika kapena todyedwa ndi mphemvu, mubwere nato Misa yachiwiri itatha. Aphunzitsi a ku nthambi alengeze ichi Masabata awiri otsatana, ndipo afikitse mawu kwa okalamba osatha kuyenda. Amene adziwa mumtima mwake kuti m'chitinimo muli kapepala ka iye kapena ka bambo ake, angathe kuonana ndi Bambo Mfumu payekha, ndipo dzina lake silidzatchulidwa. Kwa ana a Aphunzitsi tatumiza kalata ndi anthu awiri, kuwapempha kuti adzakhale nafe pa mpando wa kutsogolo tsikulo. Pamene kabuku aka kapita kosindikiza, yankho lawo linali lisanafike.